Mutu wa Nkhandwe Udakwera Galimoto

"Mutu umenewo muuchotse m'ndowa yanga."

"Ndauika pamthunzi kuti usawole, amake Mwawi. Mawa m'mawa uchoka."

"M'ndowa yotungira madzi akumwa? Nkhandwe yandiluma ine, koma yosamalidwa ndi iyoyo, eti?"

Lenard adali atagwada pansi pa mtengo wa mango, akukulunga ndowayo ndi chiguduli chonyowa monga adaphunzitsidwira kuntchito. Mkazi wake Mailesi adakhala pakhonde, dzanja lamanja atalimanga ndi mpango umene tsopano udali utafiira. Nkhandweyo idamupeza kudimba dzuwa lili paliwombo, nthawi imene nkhandwe yanzeru zake imakhala ili gone kuphanga. Adayiopseza ndi khasu koma sidathawe. Idangobwera molunjika, dovu lili chuchuchu, nkumugwira pachala chachikulu. Amuna a m'madimba oyandikana ndiwo adaimaliza ndi mipini.

Ezekiele, mlongo wake wamkulu wa Mailesi, adatulukira kuseri kwa nkhokwe akununkha utsi.

"Ubweya wa kumchira tawotcha, tapaka pabala. Thupi tatentha. Nanga mutu mwausiyiranji, alamu? Mukufuna kukazinga?"

"Ukayezedwe," adatero Lenard. "Matenda a chiwewe amaoneka mu ubongo. Azibwana anga ali ndi makina ake."

"Azibwana anu a mileme aja?"

"Omwewo."

"Ayeze mutu wa amene adautenga," adatero Mailesi. "Ndowa yanga ibwere yotsuka ndi phulusa."

Kwa zaka khumi ndi ziwiri Lenard adangodziwika m'mudzimo ngati mkamwini wa kwa Mailesi, munthu wofolera nkhokwe za eni ake. Zinthu zidasintha m'mwezi wa Juni pamene anthu a kafukufuku adafika ku Luwani nkumulemba ntchito yogwira mileme. Adamupatsa magolovesi achikopa, jombo ndi ovololo, ndipo adapita naye ku Blantyre katatu kukamubaya katemera wa chiwewe. Chiyambire pamenepo ankalankhula mawu oti ubongo ngati munthu amene adaugula yekha.

Othawa nkhondo a ku Mozambique atabwerera kwawo, adasiya ku Luwani mijigo, mashedi opanda kanthu ndi agalu. M'mashedimo mudalowa mileme. Agalu adalowa m'tchire nkumakadyera limodzi ndi nkhandwe. Kale zoterezi sizikadatha mwezi. Chaka ndi chaka a zaziweto ankabwera ndi jakisoni m'dzanja ili, mfuti m'dzanja linali, ndipo galu woyendayenda sankaona dzuwa lachiwiri. Adali masiku oipa, palibe angakane, anthu ankasowa popanda wofunsa. Koma agalu ankabayidwa. Tsopano kudabwera matipate, aliyense adapeza ufulu wake, ndipo amene adaugwiritsa ntchito mokwanira kuposa onse adali agalu.

M'mawa mwake Lenard adamangirira ndowa panjinga nkutsetsereka kupita ku Luwani. Adapeza a Lucius, amene ankayang'anira ntchito pamalopo, akupukuta kukamwa kwa mleme ndi kathonje ka pakamtengo. A Lucius adali munthu wa ku Lilongwe, wophunzira za matenda a nyama, ndipo ntchito yawo ankaikonda moona. Ankafotokozera aliyense wofuna kumva kuti akufufuza ngati mileme imasunga kachilombo ka chiwewe kapena achibale ake, ndiponso ngati kamachoka kwa mileme kupita kwa nkhandwe ndi agalu. Mkulu wa kafukufuku yense, amene ankangotchedwa a Dokotala, ankaoneka kamodzi pamwezi.

A Lucius atavundukula ndowa, maso awo adawala.

"Nkhandwe! Miyezi inayi tikufunafuna nkhandwe. Mwadulanso bwino, a Lenard, ubongo sunaphwanyike."

"Yaluma mayi a kunyumba, bwana."

"Aa, pepani kwambiri. Atsuka ndi sopo? Mupite nawo kuchipatala lero lomwe, musagone nazo."

Adanena izi ndi mtima wonse, manja awo akugwira ntchito. Mutu udalowa m'pulasitiki, pulasitiki idalowa m'pulasitiki ina, adamata nambala, nkuuika m'bokosi lozizira pakati pa timabotolo ta malovu ndi magazi a mileme. Galimoto idali yoti inyamuka masana omwewo.

"Popeza galimoto ikupita ku Blantyre, bwana, sangakwere nawo? Kuja mudakatibayitsa ife kuja."

"Lamulo mukulidziwa, a Lenard. Wosakhala wa pantchito sakwera. Ikachitika ngozi, inshulansi imakana. Pitani kuchipatala cha boma, katemera ndi ufulu wanu."

Msewu udali woipa, choncho dalaivala adaika bokosi lija pampando wakutsogolo nkulimanga lamba. Lenard adaima ndi ndowa yopanda kanthu, akuonerera mutu wa nkhandwe ukupita mtauni.

Pachipatala chaching'ono cha kufupi adatsuka bala bwinobwino nkupaka mankhwala ofiirira. Katemera adalibe, pakuti firiji yawo idali itakhala miyezi isanu yopanda palafini ndipo ankasungiramo mabuku. Adawatumiza ku boma. Ku boma katemera adalipo, koma wochepa kwambiri, ndiye ankabaya okhawo obwera ndi kalata ya a zaziweto yotsimikiza kuti nyama idali yachiwewe. Ku ofesi ya a zaziweto adapeza chitseko chokhoma. Mlonda adati a Jimu, olemba makalata, ali ku semina ku Mangochi, abwera sabata yamawa. Zaka zimenezo dziko lonse lidali ku semina. Ena ankaphunzira za ufulu, ena za chitukuko, ndipo amene ankatsala m'maofesi adali alonda.

Sabata yamawa idakwana, Lenard ndi Mailesi adakweranso matola. A Jimu adawalandira mwaulemu, atavala malaya olembedwa mutu wa semina ija.

"Mutu uli kuti?"

"Uli ku Blantyre, bwana."

"Ndiye mwabwera ndi chiyani?"

"Ndi munthu amene adalumidwayo."

A Jimu adamuyang'ana Mailesi, kenako Lenard.

"Munthu si gawo langa, bambo. Ine ndine wa ziweto. Kunena zoona nkhandwe nayonso si chiweto, ndi ya anzathu a nyama zakutchire, komabe mutu ndikadaulandira. Ndikadautumiza, kapena kungouona, nkulemba."

"Bala ndi ili," adatero Mailesi akumasula nsalu. "Mano ake muwerenge."

"Mayi, bala silinena kuti ndaluma ndine wakuti. Muno mumabwera anthu okandidwa ndi nkhuku, ofuna kalata. Adatiuza kuti tisalembe chimene sitinaone. Mutu mudaupereka kwa yani?"

"Kwa a kafukufuku."

"Ndiye yankho lili kwa a kafukufuku. Mubwere nalo, ndilemba muli chiimire."

Lenard adabwerera kwa a Lucius tsiku lomwelo, fumbi la matola likadali m'tsitsi. A Lucius adavula magalasi nkuyamba kuwapukuta, ngakhale adali oyera.

"A Lenard, kuyeza kwathu sikufanana ndi kwa achipatala. Ife sitiyeza mutu umodziumodzi. Timasunga zonse mufiriji mpaka nyengo ithe, kenako zimakwera ndege kupita kunja. Makina ali kumeneko."

"Nanga yankho?"

"Mwina chaka chamawa. Lidzatuluka m'buku."

"M'buku."

"Lachingerezi."

"Sangaubweze mutuwo, bwana? Tingobwereka, a Jimu akauone."

"Chimene chalandira nambala sichitulukanso. Ubongo adachotsa kale, chotsalacho adatentha."

Pochita manyazi, a Lucius adalemba kalata ya masamba awiri yofotokoza zonse. Lenard adapita nayo ku boma, ulendo wachitatu. A Jimu adaiwerenga mpaka pamapeto, nkuyamikira Chingerezi chake, kenako adafunsa chidindo. Chidindo cha kafukufuku chidali m'chikwama cha a Dokotala, ndipo a Dokotala adali kunja, kumsonkhano wokambirana za kuopsa kwa chiwewe.

Masabata atatu adatha motero. Bala lidapola, padangotsala timizere tiwiri totuwa. Mailesi adabwerera kudimba. Lamulungu masana, anthu atachoka kutchalitchi, Ezekiele adabwera nkukhala pachitsa osavula jekete.

"Alamu, ndifunse ngati munthu wosaphunzira. Inu adakubayani kangati?"

"Katatu."

"Chifukwa cha mileme."

"Eya."

"Mileme imene chibadwire changa sindinamve kuti yaluma munthu m'mudzi muno. Mlongo wanga walumidwa ndi chinthu chamisala anthu akuona. Amubaya kangati?"

"Tikuyesetsa, alamu."

"Mutu wa nkhandwe wafika ku Blantyre, ndamva ukweranso ndege. Mailesi Blantyre sanamuonepo. Mukadausiya, ine ndikadaunyamula m'thumba kukauponya patebulo pa a Jimuwo. Koma mudafuna azibwana anu akuyamikireni kudula bwino."

"Ndinkaganiza kuti kumeneko ndiye kwachangu."

"Mumaganiza. Ovololo ija idakuphunzitsani kuganiza."

"Achimwene, tasiyani," adatero Mailesi akusankha nyemba palichero. "Bala lapola. Mwina idali nkhandwe yanjala chabe."

"Iwe khala chete, yanjala imayenda masana ikutuluka dovu? Tamverani, alamu. Pano mudabwera ndi mkeka ndi kasutikesi. Chikachitika chinthu kwa mlongo wangayu, mudzanyamule zomwezo. Ana mudzawauze muli panjira kuti mayi awo adzatuluka m'buku."

Lenard adadziwa kuti mlamu wake sadaname pena paliponse. Adakhala akuyang'ana jombo zake za kuntchito zimene adaziyanika pamwala. Malamulo a kuntchitoko ankawadziwa pamtima, chifukwa a Lucius ankawawerengera Lolemba lililonse. Lamulo lachisanu ndi chiwiri linkati wantchito akalumidwa ndi mleme, ngakhale adabayidwa kale, ntchito iime, galimoto imutengere ku Blantyre tsiku lomwelo. Ndipo Lenard ankadziwanso lamulo lina losalembedwa paliponse, limene dziko lonse limasunga kuposa olembedwa: wodwala sapita kuchipatala yekha. Amapita ndi gadiyani, womudikirira, womuphikira ndi kumutungira madzi.

"Amake Mwawi," adatero Ezekiele atachoka, "Lachinayi mumange kampoto, mbale ziwiri ndi mkeka. Mukandidikire pamtengo wa bwemba, pachipata cha kuntchito."

"Wadwala ndani?"

"Ine."

"Mukudwala chiyani?"

"Ndidzadwala Lachinayi."

Mailesi adamuyang'ana nthawi yaitali, kenako adapitiriza kusankha nyemba.

Lachinayi m'mawa adalowa m'shedi yaikulu, momwe kale munkasungidwa ufa wa othawa nkhondo. Mileme idali lendelende kudenga, itapanikizana ngati fodya m'chigafa. Lenard adakwera makwerero ndi kaukonde ka pamtengo, nkutsika ndi isanu m'thumba. Adatembenukira kukhoma, adavula golovesi, nkulowetsa dzanja m'thumba. Mleme umene adagwira udali waung'ono, wofunda, mtima wake ukugunda pachikhatho. Udangomuyang'ana. Miyezi inayi mileme idakhala ikutafuna magolovesi ake tsiku ndi tsiku, koma lero adapeza waulemu. Adachita kuufinya phiko, nkuupatsa chala pakamwa penipeni. Pamenepo udaluma.

"Bwana, ndalumidwa."

A Lucius adathamanga ndi sopo ndi madzi. Ali mkati motsuka adaima.

"Magolovesi ali kuti?"

"Adavuka."

"Okha?"

"Okha, bwana."

A Lucius adaponya maso pakhomo la shedi. Kutali pachipata, pansi pa bwemba, padali mayi atakhala pamtolo womanga bwino, mkeka wopinda uli pambali. Adayang'ananso chala cha Lenard, chimene chidali ndi timadontho tiwiri ta magazi ngati tobayidwa ndi singano.

"Awo ndi ndani?"

"Gadiyani, bwana."

"Afika msanga."

"Ndi munthu wachangu."

Dalaivala, amene adamva zonse atatsamira galimoto, adalavula kamtengo kamene ankatafuna. "Ine wodwala wopanda gadiyani sindinyamula, bwana. Akakomoka panjira, ndigwire chiwongolero kapena ndigwire munthu?"

A Lucius adavalanso magalasi awo. "Inenso ndipita nawo," adatero. "Kwerani nonse."

Lenard adakhala kumbuyo pambali pa mkazi wake, chala chili m'mwamba, mtima uli mbee koyamba pa masabata atatu ndi masiku asanu. Atafika pamsewu wa tala, galimoto idayamba kuthamanga ndipo mphepo idalowa pazenera.

"Tatsekani apo," adatero Mailesi.

"Kukutentha, amake Mwawi."

"Tsekani. Ikundilasa."

Adatseka. Patapita kanthawi adaona kuti mkazi wake akusisita mkono wamanja, kuchokera pachipsera kukwera mpaka paphewa.

"Mwatani?"

"Palibe. Zangokhala ngati nyerere zikuyenda mkati. Zayamba dzana."

"Dzana? Osanena bwanji?"

"Mudati wodwala ndinu."

Pa Zalewa dalaivala adaima kugula nthochi, ndipo a Lucius adabweretsa botolo la madzi ozizira. Mailesi adalilandira ndi manja awiri, adathokoza, nkulikhazika pamiyendo. Mpaka ku Blantyre sadalitsegule. Lenard adali ataphunzitsidwa zizindikiro za chiwewe ndi a Lucius omwewa, pabolodi, ndi choko: kuyabwa kapena dzanzi pabala lopola, kudana ndi mphepo, kulephera kumeza madzi. Pamayeso adakhoza zonse. Adayang'ana kumsana kwa mutu wa a Lucius, ndipo a Lucius adayang'ana msewu.

"Blantyre ndi ameneyu?" adafunsa Mailesi nyumba zosanja zitayamba kuoneka. "Ndinkayesa ndi wamkulu kuposa apa."

Chipatala chake chidali cholipira, chaukhondo, chokhala ndi maluwa pakhomo ndi fani yozungulira kudenga. Namwino wake, mayi wachikulire wotchedwa a Chrissy, adamukumbukira Lenard.

"A mileme! Yakupezani tsopano?"

"Sisitala," adatero a Lucius, "muyambe ndi mayiwa. Adalumidwa ndi nkhandwe. Za mapepala ndiyankha ine kwa a Dokotala."

"Kalata ya a zaziweto tilibe," adafulumira kunena Lenard.

"Kalata ya chiyani? Munthu walumidwa, basi. Bwerani, mayi. Idakulumani liti?"

"Papita masabata atatu ndi masiku asanu," adatero Mailesi.

Dzanja la a Chrissy lidaima pachitseko cha firiji. Adatembenuka, nkuona mmene Mailesi adadzipanikizira kukona, ataphimba khosi ndi chitenje. Adazimitsa fani popanda wowapempha. Kenako adatunga madzi m'kapu.

"Tamwani pang'ono, mayi."

Mailesi adayesa, poti adali munthu womvera. Kapu itafika pamilomo, khosi lidakoka lokha, mapewa adanjenjemera, madzi adatayikira pachitenje.

"Pepani," adatero. "Ndakunyowetserani pansi."

A Chrissy adatenga kapu ija nkuiika kutali. Sadatulutse munthu panja kapena kunong'ona. Adakoka mpando, nkukhala moyang'anana ndi Mailesi.

"Mayi, ndikuuzani zoona. Katemerayu amagwira ntchito matenda asanafike m'mutu. Akayamba kuonekera chonchi, ngakhale ndikubayeni botolo lonse, sizithandiza. Mukadabwera sabata yoyamba, ngakhale yachiwiri, bwenzi tikuseka pano. A dokotala athu akuonani. Tingathe kukugonekani, nkukupatsani mankhwala oti musavutike kwambiri."

"Masiku angati?"

"Ochepa. Mwina anayi, mwina asanu."

A Lucius adatsamira khoma, magalasi ali m'manja.

"Bayani basi, Sisitala," adatero Lenard. "Mwina mwalakwitsa. Wanga uja muwapatse iwowa, ndi wina muwonjezere."

"Bambo, wanu ndi wanu. Inu mwalumidwa lero, kwa inu agwira. Pindani malaya."

"Ine sindibayitsa."

"Abambo a Mwawi," adatero Mailesi. Mawu ake adali omwe aja a pakhonde. "Mleme uja mudauputa nokha. Mukufuna ana atsale ndi achimwene, azidzawalera ndi pakamwa paja? Vulani jekete."

Lenard adavula. Mailesi adalilandira, adalipinda bwino nkuliika pamiyendo, monga amachitira gadiyani aliyense.

"Muwabaye pang'onopang'ono, Sisitala. Akuoneka aakulu chonchi, koma jakisoni amamuopa."

A Chrissy adapukuta paphewa ndi thonje nkubaya. Lenard sadamve kanthu. Adangoona mkazi wake akuimirira mogwira khoma, akumutsitsira mkono wa malaya ndi dzanja lamanzere, nkumumangira batani.

"Bedi lilipo, mayi," adatero a Chrissy.

"Zikomo, Sisitala, mupatse wina." Mailesi adawerama nkunyamula mtolo wake wa kampoto ndi mbale ziwiri. "Wodwala wathandizidwa. Tiyeni kwathu, ndikawaone ana ndikadali kuwazindikira."